Mutu 7: Kumbuyo kwa Belita

1. Tayala limodzi aliyense

Uthenga unabwera ndi a Goodman, mphunzitsi wa zamasewera, Lolemba pa mzere wa m'mawa. Anati gulu lina la opalasa njinga la ku Blantyre likubwera ku Phalombe kudzasankha atsikana aliwiro. Malo anali awiri okha m'boma lonse. Osankhidwawo adzabwerekedwa njinga zenizeni za mpikisano, ndipo patchuthi adzapita kukaphunzitsidwa mumzinda.

Zelifa anatsina Belita pamkono. Belita sanacheuke, koma anamwetulira.

Awiriwa anali ana a munthu ndi mng'ono wake. Amayi awo anali a bere limodzi, ndipo nyumba zawo kwa Jenala zinayang'anizana makomo. Onse anali Fomu 3 pa sekondale yoyendera, ndipo tsiku lililonse ankapalasa njinga zawo zakuda, zolemera ngati ngolo, popita ndi pobwera. Belita ndiye anali wamkulu, ngakhale ndi miyezi yochepa chabe. Zelifa ankamutchula kuti "achemwali" pokhapokha akafuna kanthu.

Ataweruka tsikulo anapita ndi njinga zawo kwa malume awo, a Sitima. Bamboyu anapalasa kabaza zaka zambiri mpaka maondo anayamba kudandaula. Tsopano ankakonza njinga pansi pa mtengo wa mango pafupi ndi msika.

"Ndiye mukufuna ng'ombe zanuzi ndizisandutse mbawala?" anafunsa a Sitima akuzungulira njingazo. "Chabwino. Tiyeni tizivule."

Anamasula kaliyala wa njinga iliyonse. Anachotsa madigadi, sitandi ndi chotchingira tcheni. Anatsuka matcheni ndi palafini n'kuwadontheza oyilo. Zishalo anazikweza mpaka mwendo wa mtsikana aliyense uzitambasuka bwino popalasa.

"Chilichonse chimene sichikukankha njinga, dziwani kuti chikuikoka," anatero.

"Mabuleki nawo amalemera, malume," anatero Zelifa.

"Mutu wakonso umalemera. Tiuchotse?"

Belita anaseka mpaka kugwira tsinde la mango.

Kenaka a Sitima analowa m'kanyumba ka zipangizo n'kutuluka ndi matayala awiri opyapyala, osalala, osiyana ndi zimatayala zokhakhala zimene atsikanawo anazolowera. Anati anawapeza kwa mnzawo wa ku Zomba, ndipo analipo awiri okhawo basi.

"Limodzi la Belita, limodzi la Zelifa. Aliyense ndimuikira kumbuyo."

Zelifa anawasisita matayalawo nthawi yaitali.

"Koma malume, tayala limodzi lithandiza chiyani? Si bwino mmodzi atenge onse awiri kuti njinga imodzi ikhale yeniyeni?"

"Mmodzi wakeyo ndani?"

Zelifa anayang'ana pansi.

"Ine mbumba yanga sindiigawa pakati," anatero a Sitima akutenga sipanala. "Malo mwati ndi awiri. Inunso ndinu awiri. Gwira njinga iyi, usandichedwetse."

2. Zimene foni inanena

A Goodman anali ndi foni yokhala ndi pulogalamu yoyeza liwiro. Ankaimangirira pa handulo ndi mphira wa chubu chakale, ndipo mtsikana aliyense ankapalasa yekha kuchokera pachipata cha sukulu kukafika pa mlatho n'kubwerera. Akabwera, foni inkanena zonse: pamene anathamanga, pamene anafooka, ngakhale pamene anasiya kupalasa kuti apume.

"Foni ilibe m'bale," ankatero a Goodman. "Imanena chimene mwendo wachita."

Ndipo zoonadi inalibe m'bale. Ulendo uliwonse inkanena chinthu chimodzimodzi: Belita anali patsogolo, Zelifa pambuyo.

Zikanathera pomwepo sizikanapweteka. Koma aphunzitsi a zamasewera a m'boma lonse anali ndi gulu lawo pa Watsapu, ndipo ankatumizirana zotsatira za ana awo. Tsiku lina a Goodman anaitana atsikanawo n'kuwaonetsa dzina lachilendo.

"Uyu ndi Rejoice wa ku Boma. Njinga yake ndi ya magiya, anamugulira mlongo wake wa ku Joni. Belita, iwe ukumuposa pang'ono. Zelifa, iwe akukuposa pang'ono. Ena onse ali kutali."

"Ndiye kuti ine ndine wachitatu?" anafunsa Zelifa.

"Lero ndiwe wachitatu. Mpikisano si lero."

 Kuyambira tsikulo Zelifa anasintha. Ankadzuka nkhuku zitangotsika, n'kukapalasa asanapite kusukulu. Ankakwera kachitunda ka kuseri kwa tchalitchi mobwerezabwereza mpaka ntchafu kunjenjemera. Matayala ankawapopa mpaka kulira ngati ng'oma akawagogoda. Belu analichotsa. Ngakhale tingale timene anamangirira pa masipoko ali Fomu 1 anatidula.

Liwiro lake linakweradi. Koma la Belita linakweranso, ndipo la Rejoice silinakhale pansi kumudikira. Foni ikabwera m'manja mwa a Goodman, Zelifa ankaima kumbuyo kwawo kusuzumira, kenaka n'kuchoka osatsanzika.

"Iwe, foniyo sidzakukwatira," anamuseka Belita tsiku lina ali m'njira. "Ukumaiyang'ana kuposa mmene umayang'anira kalilole."

"Iwe ukuseka chifukwa malo ako alipo kale."

"Aaa, Zelifa! Ine ndingapite ku Blantyre ndi mtsikana wa ku Boma uja, iwe n'kutsala kuno kumapalira chinangwa? Ndikacheza ndi ndani? Tipita tonse, apo ayi titsala tonse."

"Kulankhula n'kosavuta," anatero Zelifa, n'kupalasa mwamphamvu kumusiya mnzakeyo pambuyo.

3. Mwambo wa mphepo

Mwezi wa June utalowa, mwera unayamba. Unkatsika kuchokera kumapiri n'kusesa chigwa chonse popanda choutchinga, kuweramitsa nandolo ndi mpendadzuwa m'minda. Wochokera ku Boma kulowera kwa Jenala unkamukankha ngati mwana pa katungwe. Wolowera ku Boma unkamugwira pachifuwa.

A Sitima atamva njira ya mpikisano anagwedeza mutu. Opikisana adzanyamuka pa Boma, kulowera chakwa Jenala, kutembenukira pa mlambe waukulu wa m'mbali mwa msewu, n'kubwerera ku Boma.

"Ndiye kuti mpikisano wonse uli pobwerera," anatero. "Popita mphepo idzapalasira aliyense. Pobwerera idzafunsa munthu dzina lake. Khalani pansi, ana inu, ndikuuzeni."

Atsikanawo anakhala pa benchi la makasitomala.

"Ife tili anyamata tinkanyamula matumba a mpunga kuchokera kumadambo a ku Chilwa kupita nawo kumisika ya m'munsi mwa phiri. Nyengo ngati ino munthu sankayenda yekha. Tinkandondozana ngati abakha, tayala pafupi ndi tayala. Wakutsogolo ndiye ankang'amba mphepo ndi chifuwa chake, enafe n'kumapuma kumsana kwake. Ntchafu zake zikayamba kutentha ankagwedeza chigongono n'kupatukira pambali, wotsatira n'kulowa. Iye n'kubwerera kumapeto kukapuma. Palibe ankawerengera mnzake. Aliyense ankadziwa yekha kuti nthawi yake yakwana.

"Tsono panali mnzathu wina, Dave. Mnyamata wa nthabwala, wokondedwa ndi aliyense. Koma ikafika nthawi yake yolowa kutsogolo, Dave sankasowa chifukwa. Lero chishalo chamasuka. Mawa m'mimba. Mkuja thumba lapendekeka. Ife tinkamumvera chisoni n'kumamukoka. Koma msika ukangoonekera, wodwala uja ankachira. Ankatidutsa tonse ngati mphenzi n'kukayamba iye kukumana ndi ogula, ife tikufika malilime ali panja.

"Sitinamumenye. Sitinamutukwane. Tinangosiya kumudikira. Akatipeza pamsewu tinkaima, kunamizira kupopa matayala, mpaka adutse. Mwera wa chaka chimenecho anaumwa yekha. Chaka chisanathe njinga anagulitsa. Mpaka lero mukakumana naye adzakuuzani kuti anthu a kuno ndi ansanje.

"Mundimvetse bwino. Kukhala kumbuyo kwa mnzako si tchimo. Ndi nzeru, ndipo ndi chimene ndikufuna muphunzire. Tchimo ndi kudya mphamvu za mnzako ukudziwa kuti zako ukubisa. Akulu anati ukakwera pamsana pa njovu usamati kunja kulibe mame. Mame alipo, koma akunyowa nawo ndi wina. Inu awiri mukasinthana mphepo moona mtima, wa magiya uja sangakukwanitseni, chifukwa iye ali ndi chifuwa chimodzi, inu muli nazo ziwiri. Koma mmodzi akangobisa mwendo, mwagwa nonse, ngakhale winayo atapambana."

Mawa lake anayesa. A Goodman anamangirira foni pa njinga ya Zelifa, ndipo awiriwo anapita ku mlatho n'kubwerera akusinthana. Poyamba ankaopa kugundana, koma posakhalitsa anazolowera. Belita akagwedeza chigongono, Zelifa ankalowa. Zelifa akagwedeza, Belita ankalowa.

A Goodman atayang'ana foni anaimba mluzu.

"Apa nonse awiri mwamuposa Rejoice, ndipo mwamuposa kutali!"

Belita anavina pomwepo, njinga ili m'manja.  Koma Zelifa anali ataona chinthu china. Kumbuyo kwa msana wa Belita mphepo inkatheratu. Njinga inkapepuka ngati ikuyenda yokha, mpweya n'kubwerera m'chifuwa.

"Tigwirane chanza," anatero Belita. "Kusinthana mpaka pa mzere womaliza."

Zelifa anapereka dzanja.

4. Pobwerera

Loweruka la mpikisano kunacha ndi mitambo yotuwa pamwamba pa phiri la Michesi. Mwera unali utadzuka kale. Pa Boma panadzaza anthu: ana asukulu, akabaza amene anasiya makasitomala, amayi ogulitsa mbatata yootcha ndi nzimbe.

Woyang'anira mpikisano anali mayi Eneless a gulu la ku Blantyre lija, mayi wamfupi wa mawu ochepa. Anagawira atsikana zisoti zotetezera mutu, n'kunena kuti iwo azitsatira pa njinga yamoto.

Rejoice anafika pa mzere woyambira ndi njinga yake yofiira. Anayang'ana njinga zakuda za atsikana a kwa Jenala kuyambira kutsogolo mpaka kumbuyo.

"Nanga nkhuni zake mwatsitsa kuti?" anafunsa.

"Magiya sapalasa okha, mayi," anayankha Belita. "Tikaonana pa mlambe."

Wezulo inalira.

Popita zinali monga ananenera a Sitima. Mphepo inakankha aliyense, ndipo Rejoice anasintha giya n'kuuluka. Pofika pa mlambe anali atawasiya mtunda woti munthu sangamve kuitana. Ena onse anali atatsalira m'mbuyo m'timagulu.

Atangotembenuka, mwera unawamenya kumaso ngati chitseko.

"Tiye!" anakuwa Belita, n'kuweramira pa handulo.

Anayamba kusinthana. Chigongono, kulowa. Chigongono, kulowa. Patsogolo pawo Rejoice ankalimbana ndi mphepo yekha, mapewa akugwedezeka uku ndi uku. Njinga yofiira ija inayamba kukula m'maso mwawo. Anaipeza pafupi ndi chigayo, n'kuidutsa. Rejoice anayesa kuwakakamira kumbuyo, koma mpweya unali utamuthera, ndipo anatsala.

Anadutsa minda ya mpunga yokololedwa kale. Anadutsa ana oweta mbuzi amene ankawathamangira akukuwa. Patsogolo, pa kamlatho kakang'ono, panaima a Sitima ndi njinga yawo, chipewa chili m'manja.

Apa mpamene Zelifa anacheuka. Rejoice sanali kutali monga ankaganizira. Anali atatsala, koma sanagonje. Mutu unali pansi, miyendo ikuzungulirabe. Zelifa anakumbukira foni ya a Goodman. Atatuwa akadzafika pamodzi kumapeto, onse atatopa mofanana, wachitatu ankadziwika kale.

Belita anagwedeza chigongono.

Zelifa sanalowe.

Belita anagwedezanso, n'kupatukira pambali pang'ono. Zelifa anapatuka naye, tayala lake lili pomwepo kumbuyo kwa tayala la mnzake.

"Lowa, iwe!"

"Mwendo, achemwali!" anakuwa Zelifa. "Mtsempha wandigwira! Tsogolaniko pang'ono, ndilowa ukamasuka!"

Belita anacheuka kamodzi. Nkhope yake inali ndi mantha, osati mkwiyo.

"Usaime! Ugwire tayala langa, usalisiye! Ndikukoka!"

Anaweramanso n'kuyamba kung'amba mphepo yekha. Anadutsa pa kamlatho paja. A Sitima sanakuwe ngati anthu ena. Anangowayang'ana akudutsa, maso awo ali pa miyendo ya Zelifa, imene inkazungulira bwinobwino ngati ya munthu wopita kumsika.

Msewu unatalika. Malaya a Belita ananyowa mpaka kumamatira kumsana. Kupuma kwake kunayamba kumveka ngati mvukuto.

"Wamasuka?" anafunsa osacheuka.

"Pang'ono, achemwali. Limbikirani."

Patapita kanthawi anafunsanso, mawu akuduka. "Zelifa... ndithandize... ngakhale pang'ono pokha."

"Ndikangolowa ndigwa, achemwali."

Belita sanafunsenso. Liwiro lawo linayamba kutsika, ndipo kumbuyo kunayamba kumveka kulira kwa tcheni cha njinga yofiira. Chapambali, njinga yamoto ya mayi Eneless inkayenda pang'onopang'ono.

Nyumba za pa Boma zinaonekera. Anthu anali atadzaza mbali zonse za msewu, ndipo patsogolo panali nsalu yoyera yomangidwa pa nsungwi ziwiri.

Zelifa anaimirira pa mapedulo. Anatuluka kumbuyo kwa Belita ndi mphamvu zonse zimene anasunga, n'kumudutsa ngati waima. Belita anadzutsa mutu, kukamwa kuli yasa. Anayesa kuimirira naye, koma miyendo inakana. Njinga yake inayamba kuyenda mokhotakhota.

Zelifa anadutsa pansi pa nsalu yoyera anthu akukuwa dzina la sukulu yake. Atacheuka anaona njinga yofiira ikudutsa Belita, patangotsala mtunda woti mwana akhoza kuponya mwala.

Woyamba Zelifa. Wachiwiri Rejoice. Belita wachitatu.

5. Mfumu ya liwiro

Anzake a kusukulu anamunyamula Zelifa m'mwamba. A Goodman anamugwira chanza ndi manja awiri, koma maso awo ankasakasaka Belita.

Belita anali atakhala m'ngalande ya m'mbali mwa msewu, njinga itagona pambali pake. Anasanza madzi onse amene anamwa. Mayi wina wogulitsa nzimbe ankamukupiza ndi chitenje.

Zelifa atatsitsidwa anapita komweko.

"Belita..."

Belita anamuyang'ana kuyambira kumaso mpaka kumiyendo.

"Mwendo uja wachira?"

"Unamasuka chakumapeto."

"Unamasuka chakumapeto," anabwereza Belita pang'onopang'ono. "Ine ndimalira m'njira monse, ndimati m'bale wanga atsala. Ndimati ndikafika ndekha ndikawauza chiyani amayi aang'ono. Kani mwendo wake ndi womasuka ukaona nsalu yoyera."

"Ukanakhala iwe ukanatani? Foni imanena tsiku lililonse kuti ine ndine wachitatu!"

"Ndiye wasankha kuti wachitatu ndikhale ine."

Belita sanalire. Anatembenukira kumbali n'kutseka maso.

Nthawi yomweyo a Sitima anafika, atapalasa kuchokera ku kamlatho kuja. Anatsika, n'kugwada pafupi ndi Belita, kumugwira pamphumi ndi kumumwetsa madzi pang'onopang'ono. Atatero anaimirira n'kuyang'ana Zelifa. Sanakweze mawu.

"Ine ndakonza njinga zambiri, ndipo mwendo wogwidwa mtsempha ndimaudziwa. Munthu wake amakhala mopendekeka, chidendene chimatsika, nkhope imakwinyika. Iwe unadutsa pa mlatho paja utakhala ngati mkwatibwi. Ndinafuna kukuwa kuti Belita akusiye, koma ndinati ayi, mwana wa mlongo wanga sangatero, alowa posachedwa. Ndinakudikira kuti uchite manyazi. Sunachite.

"Ukuganiza kuti wapambana chifukwa anthu awa akukuimbira m'manja? Anthu awa madzulo ano akhala ataiwala dzina lako. Koma uyu wagona apayu ndi amene udzakumane naye pa chitsime, pa maliro, pa ukwati, mpaka imvi. Amayi ako ndi amayi ake amapalana moto. Iwe lero wayatsa moto wina pakati pa makomo awiri aja, ndipo sindikudziwa adzauzimitse ndani.

"Chimene chikundiwawa n'chakuti malo ako analipo. Mukanasinthana mpaka kumapeto, wa njinga yofiira uja sakanakuonaninso. Mukanalowa nonse, wina woyamba wina wachiwiri, ndipo palibe akanafunsa kuti woyamba ndani. Iwe unakhulupirira foni kuposa m'bale wako. Foni ija imayeza munthu ali yekha. Siinakuuze zimene anthu awiri angachite, ndipo tsiku limene inakuuza, sunamve. Kumene ukupitako ukapeza atsikana aliwiro kuposa iwe, ndipo mphepo ya kumeneko ndi yomweyi. Ukadzagwedeza chigongono, udzaone amene adzalowe."

Zelifa anatsegula pakamwa, koma a Sitima anali atatembenuka kale. Anamudzutsa Belita n'kumukhazika pa kaliyala wa njinga yawo. Ndi dzanja lamanja anagwira handulo yawo, ndi lamanzere handulo ya njinga ya Belita, monga amachitira akabaza akamaperekeza njinga yopanda mwini. Ananyamuka osatsanzika.

"Zelifa ndiwe?"

Anali mayi Eneless, chisoti chili m'khwapa. Rejoice anaima pambali pawo akupukuta thukuta.

"Palibe lamulo limene waphwanya," anatero mayiwo. "Wafika woyamba, ndipo malo ndi ako. Koma ine ndinali pambali panu njira yonse, ndipo ndili ndi maso. Kwathu kuja atsikana amapalasa m'magulu, ndipo gulu limafuna munthu woti ena angamudalire. Ndisanakutenge ndiyenera kukhala pansi ndi amene amakuyang'anira, andiuze yekha kuti ndiwe mwana wotani, ndipo avomereze kuti upite. Mwini mbumba kwanu ndani?"

 "Malume anga. A Sitima."

"Ubwere nawo mawa tikaweruka ku tchalitchi. Ndikapanda kuwaona, ndinyamuka ndi mmodzi."

Rejoice anamuyandikira mayiwo atachoka.

"Zikomo potopetsa mnzako uja," anatero. "Ndekha sindikanamupeza. Koma undimve: ine si Belita. Kumsana kwanga kuno sudzagonako."

6. Woyamba kufika

Zelifa anakwera njinga yake dzuwa litapendeka. Mwera tsopano unali kumbuyo kwake, ukumukankhira kwawo mofulumira kuposa mmene iye ankafunira.

Anawapeza atadutsa chigayo. A Sitima ankapalasa pang'onopang'ono chifukwa cha maondo ndi njinga ziwirizo. Belita anali atatsamira mutu pamsana pawo. Zelifa anagwira mabuleki n'kuyamba kuwatsatira chapafupi, akusakasaka mawu oyambira. Ankafuna kuwauza zimene mayi Eneless ananena.

Anayenda choncho kamtunda ndithu. Kenaka a Sitima analankhula osacheuka.

"Dutsa. Kumbuyo kuno malo atha."

"Malume, ndimafuna..."

"Ndati dutsa. Si ndiwe waliwiro?"

Zelifa anadutsa. Belita sanadzutse mutu.

Atayandikira kwawo anamva nthungululu. Panjira yolowera kumudzi panaima amayi ambiri, ndipo patsogolo pawo panali amayi ake a Belita, atavala chitenje chawo cha ku tchalitchi, m'manja muli mbale ya ufa woti awaze opambana. Mnyamata wina wa kabaza anali atadutsa kale n'kuwauza kuti mtsikana wa kwa Jenala watenga malo oyamba.

Amayi a Belita aja anamuthamangira Zelifa asanatsike n'komwe, n'kumuthira ufa kumutu, kumukumbatira mpaka njinga kugwa.

"Mwana wanga! Mwana wanga! Mwatichotsa manyazi!" Kenaka anasuzumira kumsewu, nkhope yonse ili mano okhaokha, theka la ufa atalisunga m'mbale. "Nanga m'bale wako ali kuti? Akubwera pambuyo eti? Tauze msanga, Zelifa. Mwalowa nonse awiri, si choncho?"